Msoti Wakuda wa Rute

Anapiye analipo atatu tsiku limene alongo anga a Overton anawatsitsa panjinga, ali m'kadengu kovundikira ndi chiguduli. Munali mu Disembala, chaka cha 1957. A Overton ankagwira ntchito ku Chitedze, kuminda ya boma, ndipo anapiyewo anawapempha kwa mnzawo wina amene ankaweta nkhuku zakuda zija zazikulu thupi.

"Awa ndi a mwanayu," anatero akuloza Rute, mwana wanga woyamba, amene anali kumbuyo kwanga asanayambe n'kukwawa komwe. "Akamadzayamba kuyenda adzapeze chitupa chili ndi eni ake."

Chitupa chathu chinalidi chopanda kanthu. Chilimwe cha chaka chimenecho chitopa chinalowa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Kabudula, n'kusesa nkhuku khomo ndi khomo. Anatsala tambala mmodzi yekha, wa a Chikoti oyandikana nafe nyumba, tambala wokalamba amene ankalira mosasa mawu ngati munthu wa chifuwa.

Ine ndinaphunzirako sekondale zaka ziwiri kusukulu ya atsikana ya kumishoni ndisanakwatiwe. Kumeneko mphunzitsi wathu wa zapakhomo ankakonda kunena kuti mwana akayamba phala, dzira lothira m'phalamo limamanga thupi. Mawu amenewo anandikhala m'mutu. Rute anabadwa wochepa, timikono take ngati timapesi, ndipo ine ndine munthu wa nkhawa chibadwire. Mwana akayetsemula kamodzi, ine ndayamba kale kuganiza za njira ya kuchipatala. Tsono nditaona anapiye aja sindinaone anapiye ayi, ndinaona mazira.

Mayi anga, a Nambewe, anali ndi maganizo awo.

"Mazira si chakudya cha ana," anatero. "Iwe Enelesi unadya dzira liti? Si uyu wakula mpaka kukalankhula Chingerezi kumishoni?"

Mazirawo anali asanabwere, kukangana kunalibe ntchito.

Mwanapiye woyamba anatengedwa ndi kabawi ine ndikuona ndi maso angawa, nditangotembenuka kuti ndimange bwino mbereko. Kuyambira tsiku limenelo maso anga ankakhala kumwamba kuposa pansi, moti ndinapunthwa pa chitsa chimodzimodzi kambirimbiri.

Wachiwiri anakula bwino, nafika pa msoti wa nthenga zonyezimira. Pa Pasaka a Overton anabwera kudzationa, ine ndili kudambo kochapa. Pobwerako ndinapeza nthenga zakuda zikuuluka kuseri kwa khitchini.

"Mayi! Mwachita chiyani?"

"Ndikanatani? Munthu wapalasa njinga kuchokera ku Chitedze, adye chisoso? Ndinamubereka ndine, inde, koma lero walowa ngati mlendo."

A Overton anadya mpaka kuphwanya mafupa. "Koma nkhuku iyi ndi yonona bwanji! Mwaipeza kuti, poti kuno chitopa chinatha zonse?" Anandiyang'ana ine, anayang'ana m'mbale, kenako anaika fupa pansi pang'onopang'ono. "Aa, mlongo wanga. Kodi ndadya katundu wanga yemwe?"

Tsiku lomwelo ndinawafunsa mayi kuti wotsalayu amusiye.

"Nkhuku yoikira siphedwa, zimenezo ngakhale mwana amadziwa," anatero. "Ikangoikira dzira limodzi, ine mpeni sindiuloza komweko. Koma isanaikire ndi ndiwo ngati ndiwo zina. Mlendo akabwera sindingachite manyazi nkhuku ikupalasa pabwalo."

Apo ndiye panayambira kudikira kwanga.

Msoti uja ndinaulera ngati mwana wachiwiri. Madeya ndinkauthirira m'phale lake, madzi m'phale lina. Ndinkatenga mbiya yakale, kuikamo zitsononkho ndi udzu wonyowa, kukaivundikira pachulu, mawa lake kukaitenga itadzaza chiswe. Zigoba za nkhono ndinkaziotcha n'kuzisinja, chifukwa tinaphunzira kuti zimalimbitsa chigoba cha dzira. Amuna anga a Ambrose, amene anabwera chikamwini kwathu kuchokera cha ku Namitete, ankaseka.

"Amake Rute, ine ndalima fodya chaka chonse, palibe anandisinjirapo nkhono. Adona anuwa mwawafunsa ngati akufuna tiyi?"

Dzina la Adona linakakamira pomwepo. Ngakhale mayi ankati, "Adona ako alowa m'dimba la eni ake, kawatenge."

Koma a Ambrose omwewo ndi amene anandikonzera chisa. Anatenga dengu lakale lothyoka mbali imodzi, anaikamo udzu wofewa, n'kulilowetsa pansi pa nkhokwe pamene panali kamdima ndi mthunzi. Ine ndinakatola mwala woyera, wosalala, kumtsinje, n'kuuika m'chisamo kuti Adona aone chimene tikuwapempha.

A Chikoti anauona mwalawo tsiku lina akufuna tambala wawo. Kuyambira pamenepo moni wawo unasintha.

"Mwadzuka bwanji, amake Rute? Nanga mwala wanu waswa?"

"Sunaswe, a Chikoti."

"Ukaswa mundisungireko kamwala kamodzi kakakazi, eti? Nanenso ndiyambe kuweta."

Chisanu chinafika. Tinakolola chimanga, tinakumba mtedza, a Ambrose anayamba kupita ndi fodya kumsika. Rute anayamba kuimirira atagwira mtondo. Adona ankangodya.

Zizindikiro ndinkazidziwa zonse, ndipo ndinkazifuna m'mawa uliwonse. Kanyama ka pamutu kaja kanayamba kufiira. Mawu anasintha, kulira kwa chimwana kunatha, kunabwera kung'ung'udza kwa pakhosi. Tambala wa a Chikoti anayamba kubwera pakhomo pathu akukoka phiko pansi, nkhalamba yopanda manyazi. Ndinkawagwira Adona n'kuyesa ndi zala pakati pa timafupa tiwiri ta kumbuyo, monga anationetsera kusukulu. Poyamba pankalowa chala chimodzi. Kenako chimodzi ndi theka. Adona anatopa nane, akandiona ndikubwera ankathawira m'mapesi, ine pambuyo, Rute akudumphadumpha kumsana n'kumaseka ngati ndi masewera.

Cholakwa changa chinali pakamwa. Adona akangoyang'ana kunkhokwe ndinkafuula, "Mayi, lero! Lero aikira!" Akakhala pansi kusamba fumbi, "Abambo a Rute, bwerani mudzaone!" Anthu ankabwera masiku oyamba. Kenako anasiya. Mayi ankangoyankha ali chiweramire pa lichero, "Eya, lero. Dzulo linalinso lero."

Mu Julaye munthu wina wogulitsa mchere panjinga anaima pakhomo pathu n'kutisiyira uthenga: amayi a amuna anga, a Nachisale, atha kukumba mtedza, ndipo Loweruka afika kudzaona mdzukulu wawo. Iwo anali asanamuonepo Rute. Mwendo unawavuta nthawi yonse ya dzinja, ndipo kuchokera ku Namitete kufika kwathu si ulendo wa munthu wotsimphina.

Ndinakondwa, ndisaname. Apongozi anga ndi munthu wansangala, wolankhula mosapumira, ndipo paukwati wathu anavina mpaka chilundu chinamasuka. Koma chimwemwe chisanafike pamtima, ndinaona mayi atatembenuza mutu kuyang'ana pabwalo pamene Adona ankapalasa.

Mayi ndi a Ambrose sankayang'anana kumaso, poti ndi upongozi. Mawu awo ankadutsa mwa ine ngakhale onse ali pabwalo limodzi.

"Uwauze abambo a Rute anole mpeni," anatero mayi mokweza, akuyang'ana kumtengo wa mango.

"Uwauze amayi kuti ndamva," anatero a Ambrose akuyang'ana kunkhokwe.

Atandiona nkhope, a Ambrose anapita kwa a Chikoti kukapempha tambala, kuti tidzabweze ndi anapiye mtsogolo. Ine ndinamvera kuseri kwa mpanda.

"Tambala wangayu?" anatero a Chikoti. "Mukufuna mayi anu abwerere kwawo opanda mano? Uyu nyama yake ndi lamba wa njinga. Komanso mukamudya, anapiye obwezawo adzachokera kuti? Adona anu adzakwatiwa ndi ine?"

A Ambrose anabwerako akuseka, koma atandiona anasiya.

"Amake Rute, amayi sangadandaule ngakhale tiwapatse mfutso."

"Amayi anu sangadandaule, koma amayi anga adzadwala ndi manyazi mpaka chaka chamawa."

Masiku otsalawo ndinawathera pansi pa nkhokwe. Ndinawirikiza chiswe. Ndinawalankhula Adona ngati munthu. "Inu, dzira limodzi lokha, ngakhale laling'ono ngati la njiwa. Kodi mpeni ukunoledwawo simukuumva?" Adona ankandiyang'ana ndi diso limodzi, n'kutembenuka kundiyang'ananso ndi linalo.

Loweruka linafika chisa chili ndi mwala wokha.

A Nachisale anatulukira dzuwa litapendeka pang'ono, phukusi pamutu, ndodo m'manja, mawu atatsogola kale. Anali atagona kwa abale awo panjira. Tinawalandira katundu, tinawayalira mphasa pamthunzi wa mango, ndinawapatsa chikho cha thobwa. Rute poyamba anakana, kenako anakopeka ndi mikanda ya m'khosi mwawo n'kuyamba kuikoka.

"Uyu ndi wathu ndithu! Onani mphumi, ya agogo ake aamuna. Koma ndi wochepa, eti? Ngati kambewa. Bwera kuno, kambewa kanga!"

Mayi anandikodola. "Uwauze abambo a Rute agwire nkhuku."

Ndinkayembekeza kuti Adona athawira m'mapesi monga mwa masiku onse, mwina n'kusowa mpaka madzulo. Sanathawe. A Ambrose atayandikira, Adona anathamanga molunjika pansi pa nkhokwe, analowa m'dengu muja, n'kunyonyomala pa mwala. A Ambrose anangotambasula dzanja n'kuwatola ngati dzungu.

Chiyambire, Adona anali asanalowepo m'dengumo.

"Mayi," ndinanong'ona, "analowa m'chisa. Aikira lero, ndithu lero."

"Iwe, alendo ali pamphasa. Usandiyambe za lero wako."

Kwathu nkhuku ya mlendo siiphedwa mobisa. Imayamba yapita kwa mlendoyo ili yamoyo, aigwire ndi manja ake, aone kuti ndiwo zake ndi zimenezi, athokoze, kenako aibweze kuti ikaphedwe. Wokaipereka ndinali ine, mpongozi wawo. A Ambrose anamanga miyendo ndi luzi n'kundipatsa, iwo n'kukaima kuseri kwa khitchini ndi mpeni.

Nditaifungatira, dzanja langa linapita lokha kumbuyo kuja. Zala zinalowa bwinobwino pakati pa timafupa, ndipo chapamwamba pang'ono ndinamva chinthu cholimba, chozungulira. Dzira. Linali pafupi, pakhomo penipeni.

Ndikanatani? Kunena pamaso pa alendo kuti nkhukuyi isaphedwe, ndiko kunena kuti ndikuwamana apongozi anga ndiwo. Mayi sakanandikhululukira. Kubwerera nayo kukhitchini, mayi akanati ndi nkhawa zanga zomwe zija. Ndinayenda pang'onopang'ono, chala changa chikumasula luzi mobisa. Ndinagwada m'mphepete mwa mphasa, ndipo m'malo mowapatsa m'manja, ndinawakhazika Adona pamiyendo ya apongozi, pa chilundu chawo chofunda ndi dzuwa, pamene nsalu inapanga kachidikha pakati pa mawondo.

"Amayi, ndiwo zanu ndi izi."

"Aa, aa, aa! Yonseyi? Kulemera kwake! Zikomo, mwana wanga, zikomo a Nambewe." Anaisisita pamsana, n'kuyamba kuinyamula kuti andibwezere.

Ine ndine munthu wosalankhula pagulu. Paukwati wanga womwe anthu ankati mkwatibwi ndi wosalankhula. Koma pamenepo pakamwa panatseguka pokha.

"Amayi, malonje simunatiuze. Mwayenda bwanji?"

Mayi anandiyang'ana. Malonje amafunsa ndi akuluakulu, ndipo iwo anali atakonza zofunsa nkhuku ili pamoto. Koma mlendo akafunsidwa malonje sadulidwa mawu, ndipo a Nachisale si munthu woti mungamufunse kawiri. Anawabwezera Adona pamiyendo, dzanja lili pamsana pawo, n'kuyamba.

Anayambira pakhomo pawo penipeni: mmene anadzukira, mmene anatsekera chitseko, mmene anaiwalira fodya wawo wa mphuno n'kubwerera. Anafotokoza za lole ya fodya imene inawathira fumbi pamsewu, za mtsinje umene anawoloka atakweza chilundu, za galu wa pamudzi wina amene anawatsata mtunda wautali ngati amawadziwa. Ife tinkavomera, "Eee," "Ooo," "Pepani," tikuomba m'manja pang'ono. Maso anga anali pa mchira wa Adona. Anali atakhazikika, nthenga atazifufumitsa, mlomo uli yasa.

"Basi, n'kufika kuno, n'kukupezani muli bwino. Malonje ndi omwewo."

Anagwiranso mapiko kuti ayinyamule.

"Nanga alamu anga a Febe ali bwanji?" ndinafunsa msanga.

"Febe? Iii, usandikumbutse!" Nkhani ya a Febe ndi amuna awo amene anapita ku Halale n'kutumiza chithunzi chokha atavala chipewa inatenga nthawi yabwino. Itatha ndinafunsa za ana a a Febe, mmodzimmodzi. Ndinafunsa za mwendo, unayamba bwanji, anautema mphini ndani. Ndinafunsa za mtedza, ngati unabereka, ngati chiswe sichinaugwire.

Mayi anatsokomola. "Enelesi, alendo ali ndi njala."

"Inde, mayi. Koma amayi, mbuzi ija ya mawanga, imene inadya maluwa a paukwati wathu, ikadalipo?"

"Ilipo! Mfiti ya mbuzi imeneyo!"

A Ambrose anasuzumira kuseri kwa khitchini, mpeni m'manja, nkhope yodabwa. Anandiyang'ana ngati akuona mkazi wina. A Chikoti nawo anali atafika kudzapereka moni, anakhala pa chitsa chapatali n'kumamvera za mbuzi. Mafunso ankatha. Ndinafunsa za denga la nyumba yawo. Ndinafunsa za chitsime. Ndinafunsa ngati ku Namitete kukuzizira ngati kuno, funso lopusa, poti ndi dziko limodzi lomweli.

"Mwana ameneyu wadya chiyani lero?" anatero mayi. "Bweretsa nkhukuyo kuno."

Pamenepo Adona anaimirira pamiyendo ya apongozi. Anatambasula miyendo, luzi linagwa. Anaweramitsa mchira, anatseka maso, thupi lonse linanjenjemera kamodzi, kawiri.

Dzira linagwera pa chilundu.

Linali laling'ono, lofiirira, lonyowa, ndi kadontho ka magazi kumapeto. Tonse tinaliyang'ana likuuma pamaso pathu. Kenako Adona analumpha, anathamangira pakati pa bwalo, n'kuyamba kutetera mokweza ngati akuuza mudzi wonse. Tambala wa a Chikoti anayankha kuseri kwa mpanda ndi chifuwa chake chija.

A Nachisale analulutira. Mayi anagwira pakamwa, kenako anaphulika kuseka mpaka misozi. Rute anaomba m'manja osadziwa chimene akuombera. A Chikoti anagwa pa chitsa.

"Mwala waswa!" anafuula. "Abale, mwala waswa!"

"Uwauze abambo a Rute abweze mpeni," anatero mayi akupukuta maso. "Lero lafika."

"Ndamva ndekha!" anayankha a Ambrose, ataiwala ulemu wonse, kenako anachita manyazi n'kubisalanso kuseri kwa khitchini.

Ndinangokhala pansi pomwe ndinagwada, ndikuseka, ndikulira, osadziwa chimene ndiyambe.

Apongozi anatola dzira lija, analitembenuza padzuwa, analiika pa tsaya kumva kufunda kwake.

"Tsono a Nambewe," anatero, "nkhuku imeneyi munandipatsa, eti? Ndinaigwira ndi manja anga?"

"Munaigwira, asebele. Ndi yanu."

"Chabwino. Yoikira siphedwa. Ndiye kuti pobwerera ndiinyamula. Kwathunso chitopa chinatisiya manja lende, thadzi ngati ili ndikalipeza kuti?"

Ndinasiya kuseka. Zimenezo sindinaziganize. Nkhuku ya mlendo ndi ya mlendo: akafuna adya, akafuna anyamula. Ndinali nditawapulumutsa Adona kumpeni n'kuwapereka ku Namitete. Ndinaweramitsa mutu kuti asandione nkhope, n'kunena chimene mpongozi amanena.

"Zikomo, amayi. Tikumangirani bwino m'dengu."

A Nachisale anandiyang'ana. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Amake Rute, tandiuzani. Mbuzi yanga ya mawanga munayamba kuikonda liti?"

Ndinayamba kutosa mphasa ndi chala, iwo n'kupitiriza.

"Mumayesa dziralo sindinalimve? Ine ndaweta nkhuku inu musanabadwe. Mutangondikhazika pamiyendo ndinalimva likundigunda pa bondo. Ndinati ndione kuti mwana wa kusukuluyu mafunso amuthera pati. Mpaka denga! Mpaka chitsime! Mukanapitirira mukanandifunsa mayina a makoswe a m'nyumba mwanga."

Onse anasekanso, ine nkhope ili m'manja.

"Nanga mukanangonena, amayi," ndinatero.

"Ndinene kuti malonje anga afupike? Ndani anandimverapo chonchi chibadwire? Kwathu ndikayamba kulankhula anthu amakumbukira kuti asiya madzi pamoto."

Anamukoka Rute n'kumukhazika pomwe panali Adona. Anatenga kadzanja kake n'kukagwiritsa dzira.

"Mverani nonse, a Chikoti mukhale mboni. Nkhuku ndi yanga. Koma ndi mwendo wangawu sindinganyamule dengu mpaka ku Namitete. Ndaikiza kwa mdzukulu wangayu, andisungire. Ikadzaswa, msoti umodzi mudzanditumizire. Mazira enawo ndi a wosunga, achite nawo chimene akufuna."

Ndinadzutsa mutu. Ndinayang'ana mayi, mayi anayang'ana kumtengo wa mango. Chiweto choikiza sichikhudzidwa. Mwini wake ali kutali, ndipo palibe mlendo, ngakhale atachokera ku Zomba pagalimoto, amene angaphedwere nkhuku ya eni ake.

"Nanga alendo adya chiyani?" anatero mayi, manyazi atawabwerera.

"Mfutso mulibe? Nsinjiro mulibe, chaka cha mtedza chino? Ambrose! Tuluka uko ndi mpeni wakowo. Tenga khasu, mapesi onsewa alibe mbewa?"

A Ambrose ndi a Chikoti anapita kumunda ndi makasu, ndipo dzuwa lisanalowe anabwera ndi mbewa zonona zodzaza kambale. Ine ndinatendera mfutso wa nkhwani. Apongozi anadya akuyamikira, akuti nyama ya nkhuku imawakakamira m'mano. Mayi anapepesa katatu konse, koma nawonso ananyambita zala.

M'mawa mwake ndinaphika phala la Rute. Dzira lija linali m'chikho, pamwamba pa mtsuko, pamene ndinalisunga usiku wonse ndikudzuka kuliona ngati khoswe sanalipeze. Mayi anali pakhomo pa khitchini akusankha nyemba. Ndinalitenga, ndinaligogoda pa mphika.

"Dziralo ukulitani?" anafunsa.

"Wosunga wati akulifuna m'phala."

"Wosunga wake sadziwa n'kulankhula komwe."

"Wandiuza ndi maso, mayi."

Mayi anayang'ana kumphasa kumene apongozi ankafwenkha fodya wawo padzuwa. Dzira la mlendo, mlendo atapereka yekha, akanatsutsa bwanji? Anangosuntha lichero n'kutembenukira kwina.

"Ine sindinaone kanthu," anatero. "Ulitakase bwino lipse."

Rute anadya phala lonse, lina anapaka m'tsitsi. Tsiku lonse ndinamuyang'anitsitsa, kumugwira pamphumi, kumumvera kupuma, poti nkhawa sindinaisiye pamphasa paja. Sanachite kanthu. Anangogona tulo tambiri, atadzuka n'kukwawira pansi pa nkhokwe, kumene Adona anali atakhala m'dengu mwawo, phee, pambali pa mwala.

Apongozi anakhala nafe sabata yathunthu. Pochoka anakaima pankhokwe n'kuwalangiza Adona kuti asawachititse manyazi kuchilendo.

Mwezi wotsatira a Overton anabwera panjinga yawo, thukuta lili kamukamu. Atakhala pamphasa anaona Adona akudutsa pabwalo, onenepa, nthenga zikuwala. Anameza malovu.

"Koma yakula bwino, eti mayi?"

"Yakula," anatero mayi. "Ndi ya a Nachisale a ku Namitete, anangoikiza. Enelesi, tendera mfutso, alongo ako ali ndi njala."